Ndewu ya pa Mankhusu a Mpunga

Pa boma pa Nkhotakota panalibe munthu wodziwa resiling'i kuposa Useni. Ankatero ndi mwini wake, ndipo anthu ankangovomera, chifukwa ukamutsutsa ankakulankhulitsa mpaka malovu kuuma. Anali ndi vidiyo sho kuseri kwa msika, chinyumba cha malata chotchinga mazenera ndi ziguduli. Pakhomo pake anapachika bolodi lakuda, nalembapo ndi choko akatswiri khumi a resiling'i, kuyambira dolo mpaka wotsirizira.

Mayina enieni a azungu a m'matepi aja akanawatha ndani? Anthu anangowapatsa awo. Panali Bokho, chimunthu cha mimba ngati mgolo. Panali Thirakita. Panalinso Mkamwini, amene ankamenyedwa tsiku ndi tsiku koma osasamuka. Chakacho chinali 1995, matipate akadali atsopano, aliyense pakamwa pakumuyabwa. Ndiye Lachisanu lililonse anthu akatuluka mu mzikiti ankaunjikana pa bolodipo n'kumavota pokweza manja.

"Ufulu unabwera, a Useni! Simungatisankhire dolo!" ankakuwa choncho.

Koma Bokho sankatsika pa nambala wani, poti wowerenga manja anali Useni yemweyo.

Zinthu anazisokoneza ndi Kingston, wokonza mawotchi pakhonde la golosale ina, kamunthu kowonda ngati bango. Iyeyu anakhalako ku Joni zaka zinayi, akusesa m'nyumba ina momwe anthu ankaphunzira kugwetsana, ndipo pobwera anatenga tepi imodzi. Useni anaiika m'makina mosadziwa kuti akudziputira mavu. Munalibe nyimbo m'tepimo, munalibe zovala zonyezimira. Anthu awiri ankawatsekera m'khola la waya n'kuwasiya. Kamnyamata kena kochepa thupi kanakwera chimphona kumsana, kukulunga mkono pakhosi, ndipo chimphonacho chinamenya pansi ndi dzanja kusonyeza kuti chagonja. Ndewu yonse sinatenge ndi mphindi ziwiri zomwe.

Tepi inathera pomwepo. Atatuluka panja, Kingston anatola choko n'kulemba pamwamba pa dzina la Bokho kuti: WA M'KHOLA.

"Fufutani zimenezo," anatero Useni.

"Bwanji, akulu? Simwaona nokha? Ndewu ndi imeneyi. Resiling'i yanuyi ndi sewero, ngati la ana a sukulu tsiku lotsekera. Amapangana kuseri kuti lero ugwe ndiwe, mawa ndigwa ndine."

"Ndiye magazi aja ndi tomato?"

"Mwina ndithu. Munthu amumenye ndi mpando wachitsulo m'mutu, iye n'kudzuka akuvina? Tabweretsani mpando pano tiyese pa inu."

Anthu anafa nacho chiseko. Aa, chinamuwawa Useni chiseko chimenecho! Zaka zisanu akulalikira za Bokho, lero kawotchi aka kamusandutse chidole pakhomo pake pomwe? Ndipo wina atati "tivote," manja anakwera ambiri moti ngakhale Useni sakanatha kuwaba.

"Wallahi, manja sagwetsa munthu!" anakalipa. "Ngati kam'khola kako n'koona, bwera mawa ukumane ndi mphwanga Fakiri. Iye alimbana ngati Bokho, iwe ulimbane ngati kamnyamata kakoko. Tione amene atsale chilili."

Fakiri anali pomwepo, akudya chinangwa chootcha. Anali chimnyamata choti chikaima pakhomo m'nyumba mumada. Ntchito yake inali yonyamula matumba pa chigayo cha mpunga, ndipo sitima ikafika padoko ankasenza awiri nthawi imodzi. Koma mtima, eee, nkhunda yeniyeni. Bambo awo atamwalira analeredwa ndi Useni, ndipo chibadwire sanamuyankhepo mkulu wakeyo kuti ayi.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "ine sindinamenyanepo ndi munthu."

"Matepi onse aja unkaonera chiyani? Ungomunyamula ngati thumba, basi."

Kingston anayang'ana mapewa a Fakiri. Akanakonda kubweza mawu, koma anthu anali atamuzungulira kale.

"Chabwino," anatero. "Koma timvane bwinobwino, a Useni, anthu onsewa akumva. Amene wathedwa amenye pansi ndi dzanja. Akangomenya, woyimbira anene kuti yatha, pomwepo. Pakhosi si posewerera."

"Woyimbira ndine. Ndamva."

Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, anthu anadzaza kuseri kwa chigayo. Kumeneko kunali mulu wa mankhusu a mpunga, ndipo anausalaza kuti wogwa asathyoke. Asodzi anabweretsa zingwe za khoka n'kuzimanga pa mitengo inayi. Amayi ogulitsa mpunga anasiya malonda awo, a njinga anatsamiritsa njinga zawo kukhoma. Useni anavala malaya oyera n'kukoloweka wezulo m'khosi. Asanayambe anamukokera mphwake pambali.

"Ukamugwetsa usathamange. Tembenukira kwa anthu, kweza manja, akuone. Bokho amatero."

"Ndamva, achimwene."

Wezulo analira. Kingston anayamba kuzungulira chowerama, koma bwalolo linali laling'ono. Fakiri anangotambasula mikono, kumugwira m'chiuno, kumukweza pamwamba pa mutu, n'kumuponya. Phii! Mankhusu anachita kufuka. Kingston anagona chopindika atagwira nthiti, pakamwa pali yasa.

"Bokho! Bokho! Bokho!"

Useni analumpha ngati mwana. Fakiri naye anachita zomwe anauzidwa: anamupatsa msana munthu wogwayo, nakweza manja kwa anthu, akumwetulira mwamanyazi.

Kingston anadzuka. Sanachite phokoso. Analumphira kumsana kwa Fakiri, miyendo kuikoloweka m'chiuno, mkono kuulowetsa pansi pa chibwano. Fakiri anadabwa. Anayesa kumukutumula, anayesa kufikira kumbuyo, koma manja ake aakuluwo ankangogwira mphepo. Anazungulira kawiri, mawondo anapinda, ndipo onse awiri anagwera m'mankhusu chammbali, Kingston ali kakaka kumsana ngati nkhupakupa.

Dzanja la Fakiri linamenya pansi. Linamenyanso. Linamenyanso kachitatu, mankhusu n'kumauluka.

"Wagonja!" anakuwa Kingston. "A Useni, nenani kuti yatha!"

Useni anali atagwada pafupi, wezulo ali pakamwa. Kungouzira kamodzi, nkhani ikanathera pomwepo. Koma kuuzira kunali kuvomera pamaso pa boma lonse kuti kawotchi kananena zoona. Ndipo kodi Bokho akapanikizidwa samenya pansi? Amamenya ndithu, anthu n'kumaomba m'manja motsatira, kenako amadzuka ngati chiwanda. Anthu pa chigayopo anali atayamba kale kuomba m'manja, pha, pha, pha, motsatira dzanja la Fakiri.

Useni analavula wezulo.

"Sanagonje! Akusonkhanitsa mphamvu! Dzuka, Fakiri! Dzuka, mphwanga!"

"A Useni, tinapangana!"

"Gwira ntchito yako, ine ndigwire yanga!"

Kingston anali m'madzi. Nthiti zinkamubaya, ndipo ankadziwa kuti akamasula woyimbira asananene, chimphonachi chikadzuka chimuponyanso, ulendo uno mwina pa mtengo. Mantha anamuumitsa mkono. Nkhope ya Fakiri inada bii, mitsempha ya pachipumi inatupa, mankhusu anamatirira pa milomo. Dzanja lija linamenya pansi mofooka, kenako linangokanda, kenako linaleka.

M'manja munasiya kuombedwa. Mayi wina wa mpunga anati, "Kodi mwanayu akupuma?" koma anyamata anamuzimitsa ndi phokoso.

"Mkono! Kwezani mkono!"

Pa resiling'i pali mwambo wake, ndipo aliyense pamenepo ankaudziwa. Munthu akaoneka ngati wakomoka, woyimbira amakweza mkono wake n'kuusiya. Ukagwa, amaukwezanso. Ukagwa kachiwiri, amaukweza kachitatu, ndipo apa ndi pamene Bokho amauimitsa m'malere, chibakera chili njenjenje, bwalo lonse n'kupenga. Useni anali ataziona zimenezi kambirimbiri, ndipo sizinalepherekepo.

Anagwira mkono wa mphwake. Unali wolemera, wonyowa ndi thukuta. Anaukweza n'kuusiya.

Unagwa.

"Wani!" anthu anawerenga.

"Wakomoka uyu!" Kingston tsopano ankalira. "Ndikumumva ine, walefuka thupi lonse! Nenani, chonde!"

Useni sanamuyang'ane. Anaukwezanso mkonowo, pang'onopang'ono monga amachitira a m'matepi, kuti anthu aone bwino. Anausiya.

Unagwa ngati nsomba yakufa.

"Thuu!"

"Tsopano, mphwanga," ananong'ona Useni. "Tsopano. Usandichititse manyazi."

Anaugwira kachitatu. Asanaukweze, Kingston anamasula yekha. Anasolola mkono wake pakhosipo, kuchotsa miyendo, n'kukwawira kumbali akusisima.

"Ine sindipha munthu chifukwa cha bolodi. Nenani kuti ndathawa, nenani zomwe mukufuna."

Anyamata ena anayamba kukuwa kuti Bokho wapambana, koma mawu awo anafera m'khosi. Fakiri sanadzuke. Mutu wake unagwera chagada, maso atatembenuka kungotsala koyera, ndipo kabudula wake anali atanyowa kutsogolo. Useni anali chigwirire mkono uja. Anauyang'ana ngati sakudziwa kuti ndi wa ndani.

"Fakiri? Iwe Fakiri, basi, yatha. Dzuka."

Anamugwedeza phewa. Anamuomba patsaya. Palibe.

"Mayo ine! Mayo, mwana wa amayi anga!"

Ameneyo anali Useni, dolo wa resiling'i, akulira ngati wamasiye, malaya oyera aja ali mankhusu okhaokha. Anthu anabwerera m'mbuyo, ena anayamba kuzemba. Amene anachitapo kanthu ndi Kingston yemweyo. Anamukankha Useni, kumugoneka Fakiri bwino, kumuchotsa mankhusu m'kamwa ndi chala, n'kuuza amuna awiri kuti amukweze miyendo.

"Patukani, apeze mpweya! Wina abweretse madzi! Wa njinga akhale pafupi!"

Mayi wa mpunga uja anabwera ndi ndowa n'kumuwaza kumaso. Useni anaika khutu pachifuwa cha mphwake koma ankangomva mtima wake womwe ukugunda m'makutu. Anayamba kutchula dzina la Allah mobwerezabwereza, akulonjeza zinthu zomwe sanalonjezepo chibadwire. Makina a chigayo ankangolira m'katimo ngati palibe chachitika.

Kenako mwendo wa Fakiri unagwedezeka. Pakhosi panatuluka mkonono woipa, wonga wa mbuzi yozingidwa. Anatsokomola, kutsokomolanso, n'kusanza madzi. Maso anabwerera m'malo mwake, ofiira psuu, akuyendayenda ngati a munthu wodzuka m'nyumba yachilendo.

"Alhamdulillah!" anthu anapumira pamodzi.

Useni anamukumbatira mutu, kumupukuta kumaso ndi malaya ake, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Wandiopsa, mphwanga! Wallahi wandiopsa! Usalankhule, tikupita kuchipatala pompano."

Koma Fakiri ankafuna kulankhula. Anagwira pakhosi pake, kumeza movutika, ndipo mawu anatuluka okhadzuka, aang'ono, moti Useni anachita kuwerama kuti amve. Munalibe mkwiyo m'mawumo. Ankangofunsa, monga ankafunsira ali mwana akasochera njira.

"Achimwene, ndinamenya pansi. Ndinamenya kambiri. Simunaone?"

Kingston anatembenukira kumbali. Mayi wa ndowa uja anamuyang'ana Useni m'maso, kudikira. Useni anayang'ana m'mankhusu, pamene dzanja la mphwake linkamenya paja.

Anali ataona.