Tikiti Yaulere ya Ba Namasiku

Ba Namasiku ankagulitsa nsomba zouma mumsika wa Maramba, ndipo chibadwire anali asanakwerepo ndege. Mwana wawo Lonah, yemwe anakwatiwa ku Joni, anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono. Tsiku lina mkamwini wawo Kasonde anaimba foni.

"Apongozi, muzabwela na ndeke. Tikiti ni yaulele, nili na mamailo yambili."

Anafotokoza kuti kuntchito amamutuma pa ndege kawirikawiri, ndipo kampani ya ndegeyo imamulembera mamailo ngati basela, oti akachuluka amagulira tikiti. Za basela Ba Namasiku anazimva bwino. Pofika madzulo mzere wonse wa nsomba unali utadziwa kuti akuuluka ulele.

M'mawa mwake anatchena chitenje chatsopano, natenga pasipoti, ulendo ku ofesi ya maulendo pa Mosi-oa-Tunya Road komwe Kasonde anawalozera. Anawalandira mtsikana wina dzina lake Choolwe. Anagogoda pakompyuta, namwetulira.

"Mamailo yakwana, ba mami. Kwasala chabe ya mafuta na misonkho."

Anatchula mtengo wake. Ba Namasiku anagwira kukamwa, poti unaposa wa basi yopita ndi kubwerako.

"Mafuta ya ndani, mwana wanga?"

"Ya ndeke."

"Nanga nikakana kukwela, siizayenda?"

"Izayenda, ba mami."

"Manje mamailo yagula chani?"

"Mpando."

Ba Namasiku anayang'ana mpando umene anakhalira, nayang'ananso mtsikanayo. Sanaone chizindikiro choti akuwaseka. Mutu unangoima. Anatulutsa foni pachitenje n'kuimbira mkamwini.

Kasonde anavomera mwamanyazi kuti iye anangoona kuti mamailo akukwana, za mafuta sanazione, ndipo ndalama zambiri zimene anasunga zinali zitapita kuchipatala ndi ku zovala za khanda. Anapempha kulankhula ndi Choolwe. Awiriwo anakoka Chizungu nthawi yaitali, Ba Namasiku akungotola mawu apa ndi apo ngati nkhuku pamtondo.

Potsiriza Choolwe anawabwezera foni, nkhope itawala.

"Tapeza. Kuli kampani inangu yamene ivomela mamailo yamene aya, ndipo mafuta yake ni yang'ono. Koma muzayamba mwapita ku Nairobi."

"Nairobi ili panjila?"

"Iyayi. Ili kumpoto, Joni ili kumwela."

"Njila yatalimpa, mafuta yachepa?"

Choolwe anaseka motsitsa mawu. "Ba mami, naine ninafunsapo abwana. Anangoti ni mwamene chilili."

Kasonde analipira pafoni, tikiti inatuluka. Ba Namasiku anabwerera ku Maramba pa minibasi, akuyang'anitsitsa kondakitala ngati nayenso atchula za mafuta. Kumsika mnzawo Ba Nchimunya, wogulitsa kapenta, anawafunsa ngati tikitiyo inalidi yaulere.

"Ni yaulele," anayankha, "koma ni yolipila."

Ba Nchimunya anafunsanso kawiri, kenako anawasiya.

Tsiku la ulendo ndege itanyamuka, anaona utsi wa mathithi a Mosi-oa-Tunya ukutsalira m'mbuyo. Mayi wina amene anakhala nawo pafupi anawafunsa komwe akupita. Atamva kuti ku Joni, anadzidzimuka n'kuitana wantchito wa m'ndegemo, poganiza kuti mayiwa asokera. Wantchitoyo anawerenga tikiti, nawatsimikizira kuti zonse zili bwino. Ba Namasiku sanakhulupirire kwenikweni, moti chakudya chimene anawapatsa anangochilawa pang'ono.

Ku Nairobi anadikira mpaka miyendo kutupa, chikwama atachikumbatira, akufunsa aliyense wovala yunifolomu ngati ndege yawo sinawasiye. Atatera ku Joni anapeza Kasonde ali yekha, maso ali psuu ndi tulo, koma akuseka. Lonah anali atachira iwo ali m'mwamba. Anabadwa mwana wamkazi.

Kasonde anayamba kupepesa za ulendo wozungulirawo. Ba Namasiku anangomupatsira chikwama.

"Zamafuta izo uzanifotokozela mawa. Tiye nikaone mzukulu wanga."