Nkhwali ya ku Herat

"Ufuna kutidyetsa zodetsedwa, iwe mtsikana wa ku Herat!"

A Burho anakuwa pabwalo la sunagoge ku Bukhara, amayi onse odzaphetsa nkhuku za Sabata akumva. Osnat, mpongozi wawo, anafumbata nkhwali yakumapiri imene anagula pamsika. A Mullo Rafoel, ozinga ziweto motsata Chilamulo, anali atangoikanira mpeni.

"Ngati kwanu mumadya zotere, miphika yanga usaikhudzenso," anapitiriza a Burho. "Mwana wanga akubweza kwa bambo ako."

Osnat anaika dengu lake pansi. Anamasula chingwe cha dengu, napatsa mayi wina nsonga imodzi, nakhazika mbalameyo pachingwe chokungikacho.

"Taonani, a Mullo! Zala zitatu kutsogolo, chimodzi kumbuyo. Mbalame yolusa ikaima pachingwe imagawa zala ziwiri uku, ziwiri uku. Chithokomiro ichi, tagwirani. Izingeni muone ngati nthutumba yake siisendeka ndi chikhadabo!"

"Zizindikiro za mbalame yololedwa zilipo, mwananga," anatero a Mullo, maso ali pampeni. "Koma zizindikiro pazokha sizikwanira. Mbalame timadya imene makolo athu ankadya. Iyi, kuno palibe mboni yake."

"Mboni ndine. Ndakulira yomweyi."

"Mboni yake iwe?" anaseka mayi wina wonenepa. "Mawa utibweretsera khwangwala, uti agogo ako ankamwera msuzi!"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Osnat anaifumbatanso nkhwali yake. Anayenda kukafika pachipata, nabwerera, nayendanso. Kodi makolo a ku Herat si makolo? Atatembenuka kachitatu, maso ake anagwera pa ndevu za a Mullo, ndipo anakumbukira ndevu zomwezo zikunyezimira mafuta. Chaka chatha mkuluyu ndiye anaperekeza mkwati, mwana wa a Burho, kwawo kwa Osnat ku Herat.

"A Mullo, paukwati wanga munakhala kudzanja lamanja la bambo anga. Pampunga paja panali mbalame yanji? Munadalitsa, munadya, mpaka munapempha ina."

A Mullo anayamba kunola mpeni wonoleka kale. A Burho nawo, amene anadya nawo tsikulo, anakokera mpango kukamwa.

"Ngati ndi yodetsedwa, nenani kuti munadya chodetsedwa, ndikalongedze lero lomwe. Ngati ndi yololedwa, mboni ndinu, khosi lake ili." Osnat anaiika nkhwaliyo m'manja mwa a Mullo. "Musanole mpeni, a Mullo, ndiyankheni! Munadya chiyani kwa bambo anga?"