Bwezani Kulira Kwake

Amake Dona ankati Alangizi ali nawo ngongole, ndipo ankauza aliyense wobwera kudzayesa nsapato pa benchi yawo kumsika. "Munthu analowa m'nyumba mwanga, n'kutenga chinthu, mpaka lero sanabweze." Ukafunsa kuti chinthu chanji, ankakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mukugula nsapatoyo kapena mwabwera kudzazenga mlandu?"

Chimene anatenga Alangiziwo chinali kulira kwa Dona.

Dona ndi mwana wawo yekhayo, mtsikana wamkulu ndithu, wamtali kuposa amake, koma chibadwire sanatchulepo mawu. Akamva ludzu ankakuwa. Akafuna kuchimbudzi ankakuwa. Ukachedwa ankamenyetsa mutu pakhoma, mpaka penti ya pamenepo inayoyoka, ndipo pachipumi pake panabwera chipsera cholimba ngati chidendene. Aneba ankadandaula, eni nyumba ankaopseza. Koma amake ankakudziwa kulirako monga amadziwira saizi ya phazi pongoliyang'ana. Kwa ludzu kunali kouma, kodukaduka. Kwa m'mimba kunkayambira pansi. Ndiye panali kwina kotalika, kosapempha kanthu, kongofuna iwowo basi.

Alangizi anachokera ku bungwe lothandiza anthu ngati Dona, ntchito yawo kuwongola khalidwe. Anali mtsikana wa magalasi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa munthu. Poyamba ankangokhala pampando n'kumaonerera, mpaka amake anafunsa ngati kumeneko amalipira anthu chifukwa chokhala pansi. Kenako anabweretsa bolodi, n'kumatapo makadi okutidwa ndi pulasitiki: la kapu ya madzi, la chimbudzi, la bedi, la mbale.

"Dona sakuchita mwano, amayi. Akulankhula. Tingomupatsa njira ina yosaswa mutu. Akakuwa, mutchingireni ndi pilo, koma madzi adikire khadi. Akapereka khadi, mupatseni pompo."

"Adzasiya kudzimenya?"

"Tiyesa."

"Tiyesa ine sindigula. Adzasiya kapena sadzasiya?"

"Ndikuganiza kuti adzasiya. Koma muzikhalapo tikamaphunzira."

Kukhalapoko ndiye kunavuta. Alangizi ankabwera m'mawa, nthawi imene anthu amagula. M'mbuyomo amake ankamutsekera Dona m'nyumba n'kumathamangira kudzamusuzumira, poti msika uli kuseri kwa msewu. Tsono atapezeka munthu womukhalira ulere, ndani akanasiya malonda? Ankasiya kiyi pansi pa ndowa n'kumapita. Alangizi akawakumbutsa, amake ankati mawa. Koma lamulo lija ankalisunga. Dona akakuwa madzulo, iwo ankagwira pilo pakhoma, mano ali gwa, osathamangira madzi, mtima ukuwawa ngati aupondapo.

Pang'ono ndi pang'ono kukuwa kunachepa, kenako kunatheratu. Chipsera chinayamba kufewa. Aneba anayamba kupereka moni. M'nyumba munali zii ngati mwasamuka anthu.

Vuto linaonekera tsiku lina lotentha, Alangizi atapanda kubwera. Dona anadzuka pamkeka, anamatula khadi la madzi, n'kuyenda. Amake anatambasula dzanja. Dona anawalambalala monga munthu amalambalalira mpando, n'kukaima pachitseko, khadi atalilozetsa panja. Amake anamuikira kapu pamlomo, iye anatembenuza mutu. Anali ataphunzira bwino zedi: khadi kaye, madzi pambuyo, ndipo khadi limapita m'dzanja la munthu wa magalasi. Anaima pamenepo mpaka milomo inachita mamba. Anamwa dzuwa litapendeka, miyendo itamukana, amake akumudonthezera ndi supuni.

Amake asanapeze n'komwe mpata wokalipira Alangizi bwinobwino, anamva kuti bungwe likutseka ntchito ya kuderako, ndipo Alangizi akuwatumiza kutali. Pa tsiku lotsanzika, amake sanapite kumsika. Anakhala pakati pa chipinda, manja ali m'chiuno.

"Lowani, Alangizi. Lero tiwerengerane."

"Ndamva za tsiku lija, amayi. Nanenso ndinalakwitsa. Ndikanayenera kumabwera madzulo, muli pakhomo. Ana ambiri amatero, amazolowera dzanja limodzi. Zimakonzeka, koma zimafuna nthawi."

"Nthawiyo mwabwera nayo m'chikwamamo?"

Alangizi anati, "Tiyeni tiyese lero lomwe. Khalani apa, tambasulani dzanja. Ine ndiima kumbuyo kwanu, sindimuyang'ana."

Anachotsa madzi patebulo n'kudikira. Amake anakhala dzanja lili m'malere ngati wopemphetsa wa pa depoti, mpaka phewa linayamba kuwawa. Dona anadzuka, anamatula khadi, anabwera molunjika. Anaima patsogolo pawo, pafupi kwambiri moti ankamva fungo la sopo amene anamusambitsira m'mawa. Kenako anazungulira, n'kukankhira khadilo pamimba pa Alangizi.

Alangizi anabisa manja kumbuyo, n'kumuwongolera Dona kwa amake ndi chigongono. Dona anabwereranso kwa Alangiziwo. Anamugwira dzanja mofatsa, n'kuliika khadi m'chikhatho cha amake. Dona analitsomphola, n'kulipukuta pa diresi lake.

"Mwaona?" anatero amake. "Akulipukuta. Ngati lagwera m'ngalande."

"Si choncho, amayi. Sakudana nanu. Kungoti..."

"Basi, mwana iwe, chizungu chako ndatopa nacho. Tikambe za malonda. Bolodi lako tenga, makadi ako tenga, sindikulipiritsa kanthu. Undibwezere kulira kwa mwana wanga."

"Kulirako kumabwera ndi khoma, amayi."

"Ndiye tigawane pakati. Khoma likhale kwa iwe, kulira kubwere kwa ine."

"Zimayendera limodzi. Inuyo nsapato mumagulitsa imodzi?"

"Ndinagulitsapo! Kwa bambo wina wa mwendo umodzi, ndipo sananenerere." Anaseka okha, kuseka kouma, kenako kuseka kuja kunatha. Anakhala pampando mwamphamvu. "Tamvera. Dzulo ndinamutsina. Apa, pamkono. Ine mayi wake, ndinamutsina dala kuti ndingomva mawu ake. Ukudziwa anatani? Anayang'ana pamkonopo, n'kupita pa bolodi lako. Anafufuza, anafufuza. Palibe khadi la zimenezo. Anangobwerera pamkeka."

Alangizi anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya bulauzi. Dona atawaona opanda magalasi anabwerera m'mbuyo pang'ono, khadi lili pachifuwa, osadziwanso woti amupatse.

"Ndikusiyirani magalasiwa," anatero Alangizi. "Mwina masiku oyamba angathandize. Muziyesa tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo. Akakana musam'kakamize, koma madzi asamusowe."

"Ndivale nkhope yako kuti mwana wanga andipemphe madzi? Ine ndinamubereka ndilibe magalasi."

"Ndilibe china choti ndikupatseni."

"Uli nacho. Unadziwa kuchotsa kulirako, ukudziwanso kukubweza. Uli ndi sukulu iwe. Ndiuze chochita kuti akuwenso, ndichita ndekha, iwe uzipita."

Alangizi ankadziwadi, ndipo amake anaona pankhope pawo kuti akudziwa, monga amaonera wogula amene wabisa ndalama m'sokosi. Alangizi anayang'ana khoma loyoyoka penti lija, anayang'ana chipumi cha Dona, n'kunyamula chikwama.

"Njira ilipo, amayi, ndipo si yovuta. Koma tsiku lina adzadzimenya inu muli kumsika, osadzukanso. Sindikuuzani."

"Ndiye ngongole yanga?"

"Sindibweza."