Mpopi Wosatsokomola

Mpopi wa kuseri kwa nyumba ya Felista ku Petauke unkakhala wotsegula tsiku lonse, ndowa ili pansi pake. Madzi ankabwera nthawi imene afunira okha, ndipo asanatuluke mpopiwo unkayamba watsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Woumva woyamba anali a Tomasi, bambo ake a Felista, amene anathawa nkhondo ku Mozambiki nakhazikika kuno, maso n'kudzawafera atakalamba. Ankakhala pampando pafupi ndi mpopiwo, ndipo ukangotsokomola ankafuula kuti, "Manzi abwela!" Amayi a mzere wonse wa nyumba ankatuluka ndi zigubu.

Ntchito yawo inali yomweyo basi, koma ankainyadira. Pakhomo pa mkamwini mwamuna wamkulu safuna kudya chabe, ndipo a Tomasi ankaona kuti chakudya chawo akuchigwirira ntchito.

Vuto linali lakuti ndowa ikadzaza Felista ali kumsika, madzi ankasefukira mpaka kumsewu, a Tomasi akupapasa chotsekera chimene chinali chitatha kale mano. A kumunsi kwa mzerewo ankadandaula kuti kwawo kumangofika madontho. Zaka zimenezo, zipani zitachuluka, nyumba za khonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo, madzi n'kupita m'manja mwa kampani, ndipo kutaya madzi kunasanduka mlandu wa mwini nyumba. Vitalis, mwamuna wa Felista, anabwera kuchokera ku Chipata ndi mpopi wonyezimira wamutu wobulungira: ukaudina umatulutsa madzi, ukauleka umadzitsekera wokha.

Vitalis sanalakwe, ngakhale kunena izi n'kowawa. Matope anauma, a kumunsi anayamba kutunga, ndipo palibe anaganizako zoti mpopi wotseka sutsokomola. Madzi ankabwera mwakachetechete, amayi n'kumauzana okha pa mpanda. A Tomasi ankangomva zigubu zikugundana kwa aneba, iwo ali duu pampando wawo.

Anayamba kusiya chakudya m'mbale. Kenako anaitana mwana wawo.

"Felista, unipeleke kwa Luembe, kwa mlongo wanga Esnart."

"Atate, kuli ndani wokusungani kuja? Atete Esnart naonso ni odwala. Wakukalipilani ndani pano?"

"Palibe. Amuna ako ni munthu wabwino. Koma ine pano nisebenza nchito yanji?"

Vitalis atamva anadandaula kwambiri. Popeza apongozi sawayankhula maso ndi maso pa nkhani yotere, anatuma mkazi wake kuti akawauze kuti mpopi wakale aubwezeretsa. A Tomasi anakana. Anati sangalole kuti ana a kumunsi agone ndi ludzu chifukwa choti nkhalamba ikufuna chochita. Felista anawachonderera mpaka kutopa, koma bambo ake anali ouma mutu kuyambira kale, ndipo tsiku linafika loti awakweze basi ya ku Nyimba, yodzera njira ya kwa Luembe.

Pa siteshoni panali fumbi ndi phokoso la ogulitsa mtedza. Kondakitala anaponya chikwama chawo padenga. Felista anagwira dzanja la bambo ake kuti awakweze, ndipo chala chake chinagunda chinthu cholimba pakati pa chikhatho. Analitembenuza dzanjalo. Panali chithuza chobulungira, chophulika n'kuumanso, kukula kwake ndendende mutu wa mpopi watsopano.

"Atate, ichi n'chani?"

Nkhalambayo inayesa kubweza dzanja, koma iye sanalitaye.

"Mukachoka nonse nimaimilila pa pompi paja, nimaitinika," anatero motsitsa mawu. "Nenze kuganiza kuti nikaigwililila, izakhosomola m'manja mwanga, nimvele ine poyamba. Manje dzanja imalema, mwana wanga. Nikapumulako, ndiye pamene manzi abwela."

Felista anaona m'maganizo bambo ake ataima okha padzuwa masiku onse aja, akudina mpopi wouma, iye ali kumsika kuyamikira kuti pakhomo pauma. Misozi inatsika anthu akuona.

"Amai, mukwela olo simukwela?" anakuwa kondakitala.

"Tsitsani chola icho," anatero Felista, dzanja lija akadaligwira. "Aba sayenda."