Onga wa a Stafford

"Ichi ndiye cheni cheni," anatero a Mumba potsitsa chitini chachikulu pashelefu. "Ba Stafford sibanali kufuna onga wina koma uyu."

Edness anaima pamasitepe otsikira m'chipinda chapansi, manja atawabisa m'chitenje. Amuna ake, a Stafford, anaikidwa m'manda Lachiwiri, ndipo lero linali Lachisanu. Pamwamba, pabalaza, amayi a kutchalitchi ochokera ku Landover anali akadali pakapeti, akuimba motsitsa mawu.

Zaka zisanu ndi zinayi a Stafford ankatha Loweruka lawo m'chipinda chimenechi, kuyeza onga ndi kuthira m'zigoba zamkuwa, kudzipangira okha zipolopolo zosakira agwape kumapiri a Virginia, m'dziko la eni lino. Zaka zonsezo Edness ankauza anthu kuti amuna ake amapala matabwa. Mkulu wa mpingo wathunthu, ndi mfuti! Akanayambira pati kufotokoza? Ngakhale nyamayo ankaikana mufiriji yake, moti a Stafford ankakaisiya kwa mnzawo wa ku Zambia uyu, a Mumba, woyendetsa takisi. Lero Edness anawaitana yekha kuti adzachotse zonse abale asanayambe kufunsa.

"Nizapangirako vipolopolo masana yano," anatero a Mumba. "Mailo, Loweruka, nikayese mfuti. Gwape woyamba chaka chino ni wa ba Stafford."

"Nanga mukuchita kuwerenga chitini chonchi bwanji, alamu? Onga si onga basi?"

"Iyayi mulamu! Ulipo wopsa msanga, uja ni wa pisito, kamfuti ka m'manja. Ulipo wopsa pang'onopang'ono, wa mfuti itali. Munthu usankha kulingana na mfuti yako na kulema kwa chipolopolo, uchita kuona mu buku. Ukalakwitsa, mfuti ikuphulikira pamenso. Vala va kumanja, menso, vonse vayenda." Anayang'ananso pashelefu. "Panali tuvitini tutatu tung'ono apa. Kapena banasiliza."

Edness ankadziwa kumene tizitinito tinapita.

Sanamalize a Stafford. Tsiku limene anagwa kuntchito n'kumwalira, mayi Christina, wapampando wa amayi, anaimba foni kuti abambo obwera kusiwa adzagona m'chipinda chapansi. Edness anatsika akuthamanga, misozi ili chuchuchu, osati kudzalira koma kudzabisa. Mfuti zinali zokiyiridwa kale m'kabati. Makina opangira zipolopolo anawafunditsa nsalu ya pabedi. Zitini zinali zinayi, chilichonse ndi kotsalira kake, ndiye anachita zomwe amachita ndi shuga: anakhuthulira zitatuzo m'chachikulu, n'kukhutchumula bwinobwino, zopanda kanthuzo n'kuponya m'bini.

Tsopano a Mumba anali pamaso pake, chitini m'manja. Anene kuti chiyani? Kuti mwamuna wake asanazizire n'komwe, iye anali kalikiliki kufufuta mapazi ake? Munthu wogwira ntchito yosamalira odwala ngati iye, wodziwa kuti mankhwala sasakaniza, n'kuchita zauchitsiru zotere! Manyazi anamugwira.

A Mumba anaika chitini m'katoni pamodzi ndi sikelo ndi mabuku, nakwera masitepe. Podutsa pabalaza nyimbo inaduka.

"Katundu wanji ameneyo, mayi?" anafunsa mayi Christina. "Za malemu sizituluka m'nyumba abale asanakhale pansi."

"Ndi misomali chabe," anayankha Edness.

A Mumba anamuyang'ana kamodzi, natuluka. Kuyang'ana kumeneko kunamupweteka Edness kuposa kutukwanidwa. Anakhala pansi pakati pa amayiwo. Wina anayambitsanso nyimbo. Panja chitseko cha galimoto chinamveka kutsekedwa, kenako injini inalira. Edness anaona m'maganizo a Mumba mawa m'mawa, tsaya litatsamira pamfuti, diso limodzi lili tsinzi.

"Mayo ine!"

Anadzambatuka, kulumpha miyendo ya anthu, n'kutuluka wopanda nsapato pa simenti yozizira ya Novembala. Takisi inali itayamba kubwerera m'mbuyo. Anamenya galasi ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Alamu, imani! Musaugwiritse ntchito! Ndinasakaniza ndine!"

Amayi onse anali atadzaza pakhomo. Edness sanatsitse mawu.

"Si misomali, mayi Christina, ndakunamizani. Ndi onga. Amuna anga sanapalepo thabwa ndi limodzi lomwe, anali mlenje. Ndinkachita nawo manyazi, ndiye tsiku lomwe anamwalira ndinakhuthulira zitini zonse m'chimodzi kuti musaone."

A Mumba anazimitsa injini, natuluka ndi chitini chija. Anapisa m'thumba la malaya, kutulutsa magalasi akale omangidwa ndi waya pakona, navala. Anathira onga pang'ono pachikhatho. Ngakhale Edness anaona: wina ngati timitengo, wina wophwatalala, wina ngati mapira.

"Uyu ni wotaya," anatero.

"Ndikanakuphani, alamu. Ndipo ndinangokhala chete mpaka mwalowa m'galimoto."

A Mumba anabwezera ongawo m'chitini, natseka bwinobwino.

"Mu 1991 na ine ninachita chimodzimodzi," anatero. "Ninabwezera onga mu chitini cholakwika. Malembo sininali kuyaona bwino, koma ninali na nsoni kukamba. Ba Stafford banaona. Banataya vonse, chitini chatsopano, osakamba olo liwu limodzi. Loweruka linalo pokwera mu takisi ninapeza banisiyira magalasi aya pa mpando."

Anavula magalasiwo, kuwapukuta pang'onopang'ono ndi m'mphepete mwa malaya, nawaika m'manja mwa Edness. Iye anawagwira ndi manja awiri, ali chiimire pa simenti paja.