Mapasa Amene Kompyuta Inawameza

"Mwanayu analandira kale katemera," anatero namwino, maso ali pa kompyuta.

"Analandira ndi wamkuluyu," anayankha mayi wa mapasawo. "Wamng'onoyu tsiku lija anatentha thupi, munatibweza nokha."

Kamoto, mng'ono wake wa mayiyo, anali atabereka mmodzi mwa anawo. Anasuzumira pa kompyuta, n'kuzindikira pulogalamu yosungira mayina a odwala imene namwinoyo ankagwiritsa ntchito. Pulogalamuyo ankaidziwa ngati chikhatho chake. Inali yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka mazanamazana a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo iye anali mmodzi wa iwo. Palibe anamuphunzitsa. Anadziphunzitsa yekha pa laputopu yothyoka khosi, yomwe ankaitsamiritsa ku mabuku.

"Mapasa imawameza imeneyi," namwino anausa moyo. "Dzina la bambo limodzi, tsiku lobadwa limodzi, basi imati ndi munthu mmodzi. Tinadandaula mpaka kukamwa kunauma."

Namwinoyo anabaya mwanayo atayamba wakapempha chilolezo kwa akulu ake, zomwe zinatenga maola awiri.

Atafika kunyumba, Kamoto anafufuza dandaulolo pa intaneti, pa mndandanda wa zolakwika zikwi zinayi za pulogalamuyo. Analipeza. Linali la zaka zitatu, pansi pake anamwino makumi anayi atalembapo. Makina otseka madandaulo osayankhidwa anali atalitseka kasanu ndi kamodzi, anamwino n'kumalitsegulanso.

Mawa lake masana kunali msonkhano wa pa vidiyo wokonzekera kutulutsa pulogalamu yatsopano Lachisanu. Ankautsogolera ndi mkulu wa ntchitoyo, amene achinyamata ankamutcha Bambo Mawa chifukwa cha yankho lake la masiku onse.

"Poyambirira penipeni tiika matchati a Kamoto, zojambula zamitundumitundu zoonetsa chiwerengero cha ana obayidwa katemera," anatero mkuluyo. "Miyezi inayi ya thukuta. Akangotuluka, mwana iwe, ulandira makiyi. Uzivomereza wekha ntchito za anzako."

Makiyi amenewo Kamoto anawalota zaka ziwiri. Koma pakamwa panamuyabwa.

"Bwana, nanga za mapasa?"

"Mapasa ati?"

"Amene tikuwameza chaka chachitatu chino. Dzulo mwana wa achemwali anga akanabwerera osabayidwa."

"Tiziona mawa."

"Mawa lanulo lili ndi ndevu tsopano!"

Wina anaseka, n'kuzimitsa msanga maikolofoni. Wamagalasi, mnyamata amene nayenso ankafuna makiyi, analowererapo. "Mlongo, anthu amaombera m'manja chatsopano. Unamvapo wosoka chigamba akuimbidwa nyimbo?"

"Chikomekome cha mkuyu, achimwene, mkati muli nyerere. Matchati angawo awerenga ana angati, poti ena tawameza?"

Bambo Mawa sanakwiye. Anavula chipewa n'kudzikanda pamutu.

"Ukuyesa sindikudziwa? Tikasiya kutulutsa zatsopano, zipatala zithawira ku mapulogalamu ogula, ongodziperekawa atopa, ndiye sipadzakhalanso wokonza kanthu. Komanso mbali yofananitsa mayinayo analemba munthu amene anachoka kalekale. Aliyense amaopa kuigwira. Oyang'ana ntchito sabata ino tilipo awiri okha, ndiye lamulo ndi lomwe lija: munthu mmodzi, chinthu chimodzi. Chako ndi matchati."

Kamoto anayang'ana matchati ake pakona ya kompyuta. Obiriwira, achikasu, okwera bwino ngati masitepe.

"Achotseni."

"Wati chiyani?"

"Chinthu changa chimodzi ndi mapasa."

"Makiyi apita kwa wina, ukudziwa? Walira mvula walira matope."

"Matopewo ndiponda ndine, bwana."

Anapondadi. Masiku atatu anasanthula mizere yakale ya malamulo oyendetsera pulogalamuyo, yopanda ndi ndemanga yomwe, mapasa akumukoka chingwe cha laputopu pansi pa tebulo. Atakonza koyamba, pulogalamu inayamba kugawa munthu mmodzi kukhala awiri, Bambo Mawa n'kumubwezera ndi mawu amodzi okha: "Bwerezanso." Anatukwana chamumtima, nabwereza. Analemberanso anamwino aja kuwafunsa chomwe iwo amasiyanitsira mapasa, ndipo khumi ndi awiri anayankha tsiku lomwelo, ena modabwa kuti kunjako kuli munthu.

Lachisanu pulogalamu inatuluka. Pamwamba pa chilengezo panali mabatani atsopano a Wamagalasi, ndi uthenga womuyamikira polandira makiyi. Ntchito ya Kamoto inali pa mzere wachitatu kuchokera pansi, m'zilembo zing'onozing'ono.

Lolemba mchemwali wake anamupeza pakhonde akumwetulira ndi foni.

"Ndiye akukweza, abwana?"

"Ayi."

"Akulipira?"

"Achemwali, mwayamba liti nthabwala?"

"Nanga manowo ukuyanikiranji?"

Kamoto anamupatsa foniyo. Pansi pa dandaulo lakale lija, namwino wina wa kudziko lomwe onse awiri sankadziwa kuti lili mbali iti anali atalemba m'mawa womwewo: "Lero kwabwera atatu obadwa tsiku limodzi. Onse alowa, aliyense ndi dzina lake."