Chimanga cha m'Ngalande

A Yafeti anakana katatu konse, koma mwana wawo Alefa si munthu woti n'kumukanira. Akafuna chinthu amangokhala pakhomo pako ngati nkhuku yaona mphale, mpaka uvomere. Ankafuna kuti Lachisanu bambo ake apite kusukulu ya pulaimale kumene iye amaphunzitsa, akauze ana ndi makolo awo za madzi: amvula amapita kuti, akuchimbudzi amapita kuti, nanga ochepa amene anthu amawapeza movutikawa angawasamale bwanji.

"Baba, mu Redcliff monse muno ndani wina amadziwa mapaipi ngati inu?" anatero Alefa. "Ine ndimangowerenga m'buku. Inu munalowamo ndi miyendo yanu."

Sananame. Zaka makumi awiri ndi zisanu a Yafeti anali m'gulu losamalira mapaipi ndi ngalande za nyumba za antchito, nthawi imene fakitale ya zitsulo inkafuka utsi ndipo mpopi ukautsegula unkalavula madzi ngati wakwiya. Bambo awo anachokera ku Dedza, n'kuwoloka malire a mayiko kudzagwira ntchito m'mafamu a ku Gweru, koma iwo unyamata wawo unathera pansi pa misewu ya tauni imeneyi. Fakitale itazima mu 2008 anzawo anabalalika, ena ku Joni, ena kukakumba golide ku Silobela. Iwo anatsala ndi nyumba yawo ya kumtunda kwa mzere wa nyumba za antchito, komanso mbedza yachitsulo yotsegulira zivindikiro za maenje a suweji, imene palibe anabwera kudzaiitanitsa.

Alefa ankaganiza kuti bambo ake akukana chifukwa cha manyazi a ukalamba. Sankadziwa kuti chimene chinkawamanga miyendo chinali mbedza imeneyo.

Mumsewu wawo munali njira ziwiri za madzi. Ina inali ngalande yaikulu yapamtunda, ya madzi amvula okha, yokathira kumtsinje. Ina inali paipi ya pansi, yosaposa ntchafu ya munthu, yonyamula zonyansa za m'zimbudzi ndi m'mabafa. Lamulo loyamba limene a Yafeti anaphunzira pantchito linali lakuti madzi awiriwa asakumane. Kapitawo wawo wakale akaona munthu akukankhira madzi amvula m'dzenje la suweji ankangokuwa mawu amodzi oletsa a Chilapalapa, chinenero cha pantchito, "Hayikona!", munthu n'kuponya fosholo pansi.

Koma fakitale itatseka ngalande inasowa woikokolola. Chaka ndi chaka munadzaza dothi lakuda bii, lachinyontho, loti ngakhale ndodo ukaizika ikhoza kuphuka. Ndipo amene anayamba kudzalamo sanali mbuli ayi. Anali a Yafeti eni ake, mizere itatu ya chimanga. Anansi ataona anati ngati mwini ngalande wadzala, ife ndife yani? Posakhalitsa ngalande yonse inasanduka dimba, uyu mpiru, uyu mbatata, uyu nzimbe.

Mipopi nayo inali itayamba kuuma kwa milungu yathunthu. Mzere wonse ukanavutika pakanapanda a Albino, a nyumba yomaliza kumunsi, amene makolo awo anachokera ku Tete. A Albinowo anagwirako ntchito m'migodi, choncho kukumba sikunali kwachilendo. Anakumba chitsime kuseri kwa khitchini yawo, n'kuvindikira ndi lata, ndipo aliyense ankatunga mwaulere. Akazi awo a Rosália ndiwo ankachisamala. M'mawa uliwonse ankatunga ndowa yoyamba, kumwako kapu imodzi, kenako n'kutsegula geti. A Albino ndi a Yafeti anali pa usahwira, ubwenzi uja wa kuno umene mnzako amakunyoza poyera iwe n'kumaseka, ndipo tsiku la maliro ndiye amayendetsa zonse.

Zaka zitatu zapitazo, masana ena a mwezi wa Januwale, kunagwa chimvula chosaleka. Madzi saiwala khwawa. Anabwera kudzafuna ngalande yawo, anapeza muli chimanga, basi anakhotera m'mabwalo mwa anthu mpaka kufika pamakomo. Anansi anatuluka atafunda mapepala apulasitiki akukuwa m'Chishona, "Sekuru, vhurai! Agogo, tsegulani, madzi alowa m'nyumba!"

Pakhonde pa a Yafeti panali zida ziwiri, khasu ndi mbedza. Khasu likanagwetsa mizere itatu ija madzi n'kupeza njira yawo. Koma chimangacho chinali chitamasula kale, ana ali pamsana. A Yafeti anachiyang'ana, n'kutenga mbedza. Anatsegula dzenje la suweji la pakhomo pawo, n'kutsegulanso ena awiri otsatira. Madzi anazungulira n'kumira ngati akumezedwa, mabwalo anaphwa, anthu anawomba m'manja. Tisawanamizire kuti sankadziwa. Mu Redcliff monse panalibe wina amene ankadziwa bwino kuposa iwo kuti paipi yaing'ono ikakhuta imasanzira kumunsi.

Tsikulo a Albino ndi akazi awo anali atapita ku Kwekwe, ndipo anabwera mvula itakata. Mawa lake m'mawa a Yafeti anatsika ndi mbedza yawo kubwezera zivindikiro. Atafika kuseri kwa khitchini ya mnzawo anapeza chivindikiro chomaliza chitasuntha chokha, ndipo kanjira ka matope kanachokera pamenepo mpaka pansi pa lata la chitsime. Mvula inali itatsuka zonse zooneka ndi maso. Anakankha chivindikirocho ndi phazi, chinakhala m'malo mwake. A Rosália anatulukira ndi ndowa, nawapatsa moni, nawaseka kuti akalamba koma ntchito ya kampani sakuisiya. A Yafeti anafuna kuwachenjeza, koma kunena za chitsime kunali kunena za mbedza, ndipo kunena za mbedza kunali kunena za chimanga. Anadziuza kuti chitsime chidziyeretsa chokha. Mlungu wonsewo a Yafeti anamwa madzi amvula a mumgolo wawo.

Anthu asanu ndi awiri anatsegula m'mimba. Asanu ndi mmodzi anachira. A Rosália anamwalira tsiku lachisanu.

A zaumoyo atabwera anaona chitsime chopanda mpanda, kukamwa kwake kuli kolingana ndi nthaka, n'kunena kuti vuto ndi limenelo. A Albino anausenza mlanduwo osatsutsa. Chitsime anachikwirira okha ndi miyala, ndipo kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse akatuluka m'tchalitchi ankapita kumanda kukapepesa. A Yafeti, monga sahwira, anayendetsa maliro bwino lomwe. Chaka chotsatira anakokolola gawo lawo la ngalande osadzalanso, anthu n'kuwayamikira kachiwiri kuti ndi munthu wodziwa zinthu. Kuyamikira kumeneko kunkawawawa kuposa chipongwe.

Lachisanu linafika. M'kalasi ana anakhala kutsogolo, makolo kumbuyo atapinda mawondo pa timabenchi. Alefa ndiye anayamba. Anawauza kuti madzi otsukuluzira zovala asatayidwe koma akathirire masamba, kuti mgolo uziikidwa pansi pa denga mvula isanayambe, ndiponso kuti matewera ndi mchenga wotsukira mapoto zisamalowe m'chimbudzi chifukwa zimatseka paipi. Kenako anaitana bambo ake. Ana ambiri Chichewa amachimva patalipatali, choncho a Yafeti ankalankhula, Alefa n'kumamasulira m'Chishona.

A Yafeti anabwera ndi kapaipi kakale kothiririra m'dimba, kumtunda atamangako botolo lodula pakati, kumunsi ataboolako kabowo. Anathira kapu imodzi ya madzi, anadutsa bwinobwino mpaka m'beseni. "Awa ndi madzi akuchimbudzi, paipi imawakwanitsa," anatero. Kenako anakhuthula ndowa yonse. Madzi anathovokera pakabowo kaja n'kunyowetsa nsapato za Alefa, ana anafa nazo kuseka.

"Iyi ndi mvula mukailowetsa mu suweji," anatero a Yafeti. "Mwaona potulukira? Si pamene mwathirira. Wakumtunda bwalo lake limauma. Wakumunsi ndiye amalandira tsvina yonse, zonyansa zonse za mzere."

Ankaganiza kuti athana nazo. Koma Alefa anali atakonza china chimene sanawauze.

"Tilinso ndi sekuru Albino," anatero. "Avomera kutiuza za kusamala chitsime."

A Albino anaimirira kumbuyo, atavala jekete lawo la kutchalitchi limene tsopano linkawakulira. Sanapite kutsogolo. Analankhulira pomwepo, chipewa chili m'manja.

"Vana, ana inu, ine si mphunzitsi. Ndabwera kuti muone munthu wopusa ndi maso anu. Ndinakumba chitsime, koma sindinamange mpanda. Njerwa zinalipo, simenti thumba limodzi linalipo. Ndinkati mawa, mawa. Ulesi wanga unapha mkazi wanga. Mukakumba chitsime, mangani mpanda wofika m'bondo. Basi."

A Yafeti anamva ngati ndowa ija yakhuthulidwira m'chifuwa mwawo. Zaka zitatu ankadziwa kuti mnzawo akudziimba mlandu, koma anali asanamumvepo akudzitcha wopusa pamaso pa ana, ndi mawu ofatsa a munthu amene anazolowera. Anachita manyazi aakulu, oti sanawamvepo chibadwire.

"Sahwira, khalani pansi," anatero. "Alefa, masulira zonse, usasiye kanthu."

Ananena za mizere itatu. Ananena za khasu ndi mbedza pakhonde. Makolo ena amene anawomba m'manja tsiku lija anayamba kuyang'ana pansi. Atafika pa chivindikiro chimene anachikankha ndi phazi, Alefa anasiya kumasulira, dzanja lili pakamwa. A Yafeti anapitiriza okha m'Chishona chawo chopindika, kuti mwana aliyense amve. Ananenanso za mgolo umene iwo ankamwamo mlungu umenewo.

"Mpanda ndi wofunika, mangani," anatero pomaliza. "Koma zimene zinalowa m'chitsime chija sizinagwe kumwamba. Ndinazitumiza ndine. Ndipo m'mawa mwake ndinali ndi pakamwa, sindinanene."

Palibe anawomba m'manja. A Albino anavala chipewa chawo n'kutuluka.

A Yafeti anasiya kapaipi ndi beseni pomwepo n'kuwatsatira. Njira ya kwawo inali imodzi, ndipo anayenda motalikirana, wina patsogolo wina pambuyo, kudutsa nyumba zogonamo anthu achilendo ndi mipopi youma. Ankayembekezera kutukwanidwa, mwinanso chibakera, ndipo akanachilandira ndi manja awiri. Atafika kumtunda kwa mzere, pamene ngalande imayambira, a Albino anaima n'kuyang'ana m'gawo lokokololedwa lija nthawi yaitali.

"Mwati inali mizere ingati?" anafunsa osatembenuka.

"Itatu."

"Chinacha bwino?"

"Chinacha."

A Albino anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akukumbukira njira yakale.

"Patatha milungu itatu titaika maliro ndinali ndisakudya. Munabwera ndi mondokwa wootcha, mutamukulunga m'nyuzipepala. Munandikakamiza, munati sahwira sakanidwa." Apa ndiye anatembenuka. "Chinali chomwecho?"

A Yafeti anafuna kunama. Bodza lake linali laling'ono, ndipo likanamuchitira chifundo mnzawoyo. Koma anali atanama kale zokwanira.

"Chomwecho."

"Ndinadya mpaka kutsala chitsononkho chokha," anatero a Albino. "Ndinakuthokozani. Ndinati Mulungu anandipatsa m'bale."

Anakonza kolala ya jekete lawo n'kuyamba kutsika. Atayenda pang'ono anaimanso.

"Lamlungu mupite ndinu kumanda. Mukamuuze nokha. Ine mawu opepesa anandithera."

A Yafeti anatsala chiimire m'mphepete mwa ngalande yawo yoyera bwino, akuyang'ana msana wa jekete lija mpaka linalowa pageti la nyumba yomaliza. Geti limenelo kale linkakhala chitsegukire. Anamva likutsekedwa.